Amalume ndi Pulani Yosokonezeka

Amalume anga akhala akusindikiza ndi kumanga mabuku kwa zaka makumi awiri m'kashopu konunkha guluu. Masiku ano amawadyetsa ndi achinyamata opanga mapulogalamu a pafoni, obwera ndi mapulani a bizinesi okaonetsa anthu andalama.

Tsiku lina anasokoneza mapepala. M'kati mwa pulani ya mtsikana wina anamangiramo ndondomeko ya ukwati wa eni ake. Anazindikira mtsikanayo atapita kale, ndipo sabata yonse mtima unali m'mwamba.

Mtsikanayo anabweranso akumwetulira.

"Bambo, anthu andalama aja avomera kuikamo ndalama zawo. Anangofuna kuona pulogalamuyo ikugwira ntchito pafoni."

"Nanga bukulo?" anafunsa amalume.

"Anayamikira chikuto."

Kuyambira pamenepo, wina akafunsa chofunika kwambiri mu pulani, amalume amangomutulutsira zikuto zolimba kuti asankhe.