Ndinamwetsa mdzukulu wanga katatu patsiku

Sindine munthu wokamba za m'nyumba mwanga pagulu, ndipo munthu wa zaka zanga sangadzipekere nkhani yomuchititsa manyazi. Zimene ndikulembazi zinachitikadi muno mu Gaborone, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe tinkachita lendi ku White City. Sinditchula dzina la munthu kapena la sukulu. Wolakwa mumudziwa, chifukwa ndi ine.

Ndine telala. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma makina anga analera ana anayi ndipo palibe amene anagonapo ndi njala. Mayi awo atatisiya, ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi womaliza pamodzi ndi kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi zitatu. Mwana wangayo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Maruapula, kugona konko, kubwera Lamlungu lokha, choncho mdzukuluyo ankakhala ndi ine. Ndine ndinkamuluka tsitsi, mizere yokhota choncho, ndine ndinkamuperekeza kokwerera kombi.

Anali wosakhazikika. Ukamutuma ulusi ankabwera ndi nkhani ya galu wa aneba, ulusiwo atausiya pakhomo. Ndikamuyankhula m'Chichewa ankandiyankha m'Chitswana mwadala, n'kuthawa akuseka. Ndinkamukalipira, inde, koma pakhonde pakangokhala zii ndinkayang'ana wotchi kuti aweruka nthawi yanji.

Tsiku lina anabwera ndi kalata yondiitana. Aphunzitsi ake, mayi aulemu ndithu, anandiuza kuti mwanayo ndi wanzeru koma sakhala pampando, samaliza ntchito, ndipo anzake akumusiya m'mbuyo. Anati ndikamuonetse kwa dokotala woona za maganizo a ana. Ine ndinamva ngati lamulo. Kodi mlendo wokhalira pemiti m'dziko la eni angatsutsane ndi sukulu? Tinapita kawiri. Adokotala anafunsa zambiri, anafotokoza nthawi yaitali m'Chingerezi, kenako anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva. Anafunsanso ngati mayi wa mwanayo akudziwa, ine ndinayankha kuti m'nyumba mwanga mawu ndi anga. Pa zonse zija ndinatolapo chimodzi chokha, chakuti mwanayo adzafatsa, ndipo kwathu ndani amakana mwana wamkazi wofatsa? Anandipatsa pepala, ndinaliyang'ana ngati ndikuwerenga, ndinasaina. Magalasi ndinali nditavala. Vuto silinali maso.

Mwana wanga sindinamuuze. Ndinkati aone yekha kusintha, andithokoze.

Tsono mvetserani pamene ndinagwera. Kwathu kuchipatala amakupatsa mankhwala m'kathumba kojambulidwa dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa, moti ngakhale wosaponda m'kalasi amadziwa kuti ndi m'mawa, masana ndi madzulo. Ine moyo wanga wonse mankhwala ndawamwa choncho. Kuno anandipatsa mapiritsi a mwanayo m'kabotolo ka tizilembo ting'onoting'ono, kopanda dzuwa. Ndinaona nambala wani, ndinati ndi piritsi limodzi ulendo uliwonse. Ndinkamumwetsa asanapite kusukulu, akaweruka, ndiponso tikamaliza kudya madzulo, osaphonya, monga munthu wosunga nthawi.

Tsiku loyamba anakhala chete, ndinati mankhwala agwira. Tsiku lachiwiri anakana chakudya, mpaka magwinya, zitumbuwa za kuno zomwe ankandivutitsa nazo tsiku lililonse. M'mawa ndinkamupeza ali maso kale, milomo itauma. Ndinkati thupi likuzolowera.

Tsiku lachinayi masana ndinali pakhonde ndikusoka yunifolomu ya mlonda wina, mwanayo atakhala pansi pafupi ndi mwendo wanga akudzikanda mikono. Kenako anandiitana ndi timawu tapansi, m'Chichewa, kuti agogo mundichotse linthumbu. Ndinayang'ana, panalibe ngakhale nyerere imodzi. Anati zikukwera m'miyendo, zikulowa m'malaya, zafika m'makutu. Ndinamuvula juzi n'kuikutumula, ndinatenga tsache n'kusesa pakhonde ponse, ine munthu wa imvi kusesa zinthu zomwe palibe, kuti mwina akhulupirire kuti zapita. Sizinapite. Anali atadzikanda mpaka magazi. Nditamunyamula, mtima wake unkagunda pachifuwa changa ngati makina opondedwa ndi munthu wothamangitsidwa, thupi lili thukuta lokhalokha, maso ali tong'o koma osandiona bwino. Pamenepo anandifunsa ngati walakwanso kanthu. Ndamvapo zowawa zambiri pamoyo wanga, koma funso limenelo silinandichoke.

Ndisabise, choyamba kundibwerera m'mutu chinali chakuti wina wansanje watichita chipongwe. Munthu amafulumira kuloza kunja. Mayi wina Mtswana woyandikana nafe anamva kulira n'kubwera, ndipo ataona kabotolo pawindo anakawerenga, anandifunsa kuti ndimamupatsa kangati. Ndinakweza zala zitatu. Anatuluka kukaimitsa takisi.

M'takisimo ndinamukhazika pamiyendo, nditamugwira manja kuti asadzikande. Ine sindiimba, ngakhale kutchalitchi ndimangotsegula pakamwa, koma ulendo wonsewo ndinamuimbira kanyimbo komwe malemu mayi anga ankatitonthoza nako, dalaivala akumva, ine osasamala.

Kuchipatala anamulandira mwachangu, anamuika zingwe pachifuwa, anati agone konko kuti amuone. Mwana wanga anafika atavalabe epuloni ya kuntchito. Dokotala wa kumeneko anamufunsa ngati ndi iye anavomereza mankhwalawo, iye anati mankhwala ati. Onse anatembenukira kwa ine. Panali namwino wina wa kwathu amene ankamasulira, ndipo pamaso pake, pamaso pa mwana wanga, ndinanena zomwe sindinanenepo kwa munthu aliyense chibwerere m'dziko muno: kuti Chingerezi chothamanga sindichimva, kuti pepala lija sindinaliwerenge, kuti ndinachita manyazi kufunsa.

Ndinkayembekeza kuti mwana wanga akalipa, ndipo kukanakhala kopepuka. Iye anangondifunsa, ndi ulemu womwe ndinamuphunzitsa ndekha, kuti kodi bambo mwanayu ndi wa yani. Ndinati ndi wako. Anati ndiye bwanji wamva komaliza, pambuyo pa aphunzitsi, adokotala, mpaka aneba. Kenako anandisendezera mpando, anati ndikhale pansi.

Namwino uja anatifotokozera bwinobwino m'chiyankhulo chathu. Piritsilo linali lomwa limodzi, m'mawa mokha. Anatinso sukulu imangolangiza, siilamula. Kholo lili ndi ufulu wofunsa ubwino ndi kuipa kwa mankhwala, wofunsa ngati pali njira ina, wopempha nthawi yoganiza, wovomera kapena wokana. Zonsezi mwina adokotala oyamba aja anazinena. Ine ndinkangogwedeza mutu.

Mdzukulu wanga anachira. Patapita masiku awiri anatuluka akudandaula kuti phala lakuchipatala lilibe shuga.

Titafika kunyumba ndinatenga kabotolo kaja kuti ndikakataye m'chimbudzi. Mwana wanga anandigwira dzanja, anati kutaya nakonso ndi kumusankhira. Anakatenga. Anapempha tsiku kuntchito, anapita yekha kusukulu, anagwirizana ndi aphunzitsi kuti mwanayo azikhala kutsogolo ndi kupatsidwa ntchito pang'onopang'ono. Temu yonse inatha osamwa kanthu. Zina zinasintha, zina ayi. Kenako anapita kwa adokotala oyamba aja mafunso ake atawalemba papepala, anafunsanso mwana mwini wake mmene amamvera m'kalasi, ndipo anavomera mlingo wochepa pa masiku a sukulu okha. Ine sindinagwirizane nazo. Ndinanena kamodzi, anandimvetsera mpaka kumapeto, anachita zomwe anaona iye. Ndinatseka pakamwa, ndipo sikuti kunali kophweka.

Lero mtsikanayo ali ku sekondale, wamtali kundiposa, wolongolola ndithu. Kaya anamuthandiza ndi mankhwala, kaya ndi mpando wakutsogolo, kaya ndi kukula, ine sindidziwa ndipo sindinamizira kudziwa. Chomwe ndimakhulupirira n'chakuti mankhwalawo sanali mfiti, aphunzitsi sanali adani. Amene anatsala pang'ono kupha mwana ndi nkhalamba yomukonda, yomwe inaona kuti kufunsa n'kudzitsitsa, n'kutenga mawu a mayi ake kuwayesa ake.

Anzanga amene mukulera adzukulu kuno makolo awo ali kuntchito, kulera sikutipatsa mphamvu yosankha patokha zolowa m'thupi la mwana wa wina, ngakhale winayo tinamubereka ife. Akakupatsani cholembera musanamvetse, chiikeni patebulo. Itanani mayi ake. Pemphani womasulira. Manyazi a mphindi imodzi mu ofesi ndi opepuka kuposa kunyamula mwana amene akukufunsani chomwe walakwa.