Mtsinje umene sunali m'buku

Ndinakwatiwa ku Kande ndili mphunzitsi wochokera ku Dedza, Chitonga ndikungodziwa moni. Zinali zaka zija ukafuna kulowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani. Mabuku ankaopsa, moti aphunzitsi aakulu atayamba kutentha amene ankawakayikira, ine ndinapulumutsa awiri m'dengu la chinangwa: lina la mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lina la ndakatulo za asilikali.

Apongozi anga aamuna anamenya nawo nkhondo imeneyo ku Burma. Anapita ndi mng'ono wawo, n'kubwerako okha. Koma mkazi wa mwana sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada, maso pansi.

Ndiye tinapeza njira yathu. Ine ndinkakhala kuseri kwa mpanda wa bango, kusenda chinangwa, buku lili pamwendo, n'kumalimasulira mokweza m'Chichewa ngati ndikuuza nkhuku. Iwo ankasoka ukonde mbali inayo. Ndakatulo ikanena za matope ndi nsabwe, ankatsokomola kamodzi, kuvomereza. Buku la mbiri likatama akuluakulu a nkhondo, ankalavula.

Tsiku lina apongozi aakazi anandipeza pamtondo.

"Apongozi anu akuti muwaonere ngati mtsinje uja ulimo m'buku lanu," iwo anatero.

"Mtsinje uti, amama?"

"Umene anasiyako mng'ono wawo. Dzina lake ine sindilitha, n'lachilendo. Akuti mukaupeza adziwa okha."

Ndinafufuza mpaka maso kuwawa. Buku lonenepa ngati mtsamiro, koma za Burma masamba ochepa, za asilikali akuda mzere umodzi basi. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikadapsabe. Ndinawerenga mokweza mitsinje yonse imene inalimo, umodzi umodzi, ndikudikira chifuwa chija. Kuseri kunali zii.

Ndinaganiza zozungulira mpanda, ndigwade patali, ndiwafunse dzina la mtsinjewo ndi mmene zinakhalira. Mwamuna wanga anandiletsa. "Ufuna anthu azinena kuti ndinatenga mkazi wosalangidwa?" Nanenso manyazi anandigwira. Ndinatuma apongozi aakazi kuti akanene kuti mulibe.

M'mawa mwake apongozi aamuna ukonde anakasokera kwa anzawo. Sanadzakhalenso pampanda paja, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Mabuku aja ndikadali nawo, akununkhabe chinangwa chovuwika. La ndakatulo lili ndi mayina a anyamata achizungu amene anafera kutali, aliyense ndi malo ake. Sindiwachitira nsanje, nawonso anali ana a anthu. Koma chaka chatha mdzukulu wanga, amene tinamutcha dzina la mng'ono wawo wa apongozi uja, anandifunsa kumene mwini dzina anagona. Ndinamuuza kuti pafupi ndi mtsinje.

"Mtsinje uti, agogo?"

Munthu amene ankadziwa anakhala nane zaka zambiri, pakati pathu pali bango lokha.