Nkhondo Imene Ndinaonera Pazenera

Chaka chimene ndinagula kanema wolumikiza ku intaneti ndi chomwechonso chimene apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anadzakhala nafe ku Balaka. Bondo linali litawatupa, ndipo kukwera kabaza kuchokera kwawo ku Chikweo kupita kuchipatala kunali kungowonjezera matenda. Tinawapatsa chipinda cha ana.

Masiku amenewo mafilimu a nkhondo zakale anali atandilowa m'magazi. Ndinalembetsa pamalo ena a pa intaneti pomwe filimu umasankha wekha, ndipo ine ndinkasankha nkhondo zokhazokha: asilikali a m'maenje, a pa akavalo, a malupanga. Loweruka ndikaweruka kusitolo ya mbewu ndi feteleza komwe ndimagwira ntchito, ndinkamatirira pampando mpaka bandulo itatha.

Tsono kwawo kwa mkazi wanga, mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira umapatuka, ndipo polankhula nawo umayang'ana nkhuku kapena mtengo. Nkhope ya apongozi ndinkaidziwa bwino pachithunzi pokha. Choncho Loweruka lina masana atatulukira pabalaza ndi ndodo yawo, ndinadzuka mwaulemu n'kutuluka, filimu osaizimitsa. Ndinkayesa angodutsa. Anakhala pampando wanga.

"Anthuwa akukumba chiyani?" ndinawamva akufunsa mwana wawo.

"Bambo a ana, akuti anthuwa akukumba chiyani?" mkazi wanga anakuwa.

"Auzeni kuti ndi maenje othawiramo zipolopolo," ndinayankha ndili pakhonde.

"Akuti ndi othawiramo, amayi."

"Ndamva. Koma pokumba akutha. Amenewa munda wanga wa chinangwa angaumalize dzuwa lisanapendeke."

Kuyambira tsiku limenelo malo anga anakhala pakhonde. Ndinkavundikira chidebe pansi pa zenera, n'kumasuzumira pakati pa zitsulo, kuwerenga timawu ta Chingerezi ta m'munsi mwa kanema n'kumamasulira mokweza. Apongozi ankandimva bwinobwino, koma mwambo unkafuna kuti mawu adzere mwa mkazi wanga, yemwe ankawabwereza m'Chiyao atathiramo zake. Ndikati, "Mkuluyo akuti abwerere m'mbuyo," iye ankati, "Akuti wachita mantha, wakumbuka akazi ake." Aneba akamadutsa ankaima.

"Mwalakwanso chiyani, achimwene?"

"Iyayi, ndikungopitidwa mphepo."

Netiweki ikavuta, asilikali ankauma chiimire, mwendo m'mwamba, pakamwa yasa. Ine ndinkatukwana chamumtima, koma apongozi ankati, "Alekeni apume, athamanga kwambiri." Nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ikakwana ankadzuka n'kusiya uthenga wakuti asilikaliwo awadikire, ndipo ndinkawaimitsadi.

Ndinkadzitonthoza kuti mafilimu a nkhondo alibe zochititsa manyazi, mumangokhala matope ndi kuphana. Ndiye tsiku lina msilikali wovulala anayamba kuyang'anana nthawi yaitali ndi namwino. Ndinadziwa komwe zikulowera. Rimoti inali m'kati, m'manja mwa mkazi wanga, ndipo iye ankaonerera ndi chidwi chonse. Nkhope ziwirizo zitayandikana, ndinalumpha chidebe, kuthamangira kuseri kwa nyumba, n'kugwetsa swichi ya magetsi.

"Magetsi athima!" ndinalengeza.

Kwa aneba wailesi inkaimba monga kale. M'nyumbamo apongozi anati, "Auzeni kuti awiriwo akamaliza ayatse."

Pa asilikali onse amene tinaonera, mmodzi yekha ndiye anawagwira mtima. Anali mkulu wa gulu, wandevu zofiira ndi mpata pakati pa mano, ndipo sankadya anyamata ake asanadye. "Uyu analeredwa," apongozi ankatero. Kumapeto kwa filimuyo anatsala yekha pamlatho kuti anzake awoloke, ndipo anamuombera. Anagwa pang'onopang'ono, nyimbo yachisoni ikulira.

"Innalillahi," anatero apongozi monga amanenera Asilamu akamva za imfa, akupukuta maso ndi mpango. Anafuna kudziwa ngati anamusambitsa, ngati anaikidwa, ngati anasiya ana.

"Auzeni kuti ndi sewero chabe," ndinanong'oneza mkazi wanga pazenera.

"Zimenezo kaneneni nokha," anandiyankha, nayenso maso ali ofiira.

Madzulo amenewo apongozi anakana tiyi. Mkazi wanga anandiuza kuti pa duwa yawo, pemphero lopempherera akufa, atatchula abale onse omwalira, anawonjezera ndi wapamlathoyo.

Loweruka lotsatira ndinati ndiwasinthire mtima, n'kusankha nkhondo yakalekale, ya malupanga ndi zishango. Zinkayenda bwino. Apongozi ankangodandaula kuti akavalo akupondaponda tirigu wa anthu. Kenako mtsogoleri wa asilikali a mfumu anatsika pa kavalo, n'kuvula chisoti chachitsulo, n'kumwetulira. Ndevu analibe, koma mpata uja wa m'mano unali pomwepo.

Ndinasiya kumasulira.

"Akamwini," anaitana apongozi. Sanadzere mwa aliyense. "Lowani."

Ndinalowa chowerama, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, maso pa nsapato.

"Yang'anani kanemayo, nsapatozo muziona mawa. Uyu si uja anafera pamlatho?"

"Ndi yemweyo, apongozi."

"Nanga pano akutani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti nkhondo iyi inachitika zaka zambirimbiri ya pamlatho ija isanachitike.

"Ndiye kuti apa n'kuti asanafe?"

Ndikanangovomera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndine munthu wokonda kulongosola zinthu. Ndinati iyayi, munthuyu si msilikali, ndi wa zisudzo. Amamuveka zovala, amamupaka magazi abodza, amagwa, akatero amadzuka n'kupita kwawo.

"Kwawo kukatani?"

"Kukadya, apongozi. Kukagona."

Anayang'ana kanema, anayang'ana mwana wawo, yemwe anali atabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka.

"Ine ndinagona osamwa tiyi, n'kumuika pamodzi ndi malemu amuna anga pa duwa, mwiniwake ali kwawo akudya mpunga?"

"Mwina ndi buledi, apongozi."

"Khalani pansi apo. Mundionetse adani ake ndi ati."

Ndinakhala pansi, nsana kukhoma, koyamba m'moyo wanga kuonera kanthu chipinda chimodzi ndi apongozi. Adaniwo anali anthu oipa, ootcha midzi, ovala zikopa za nyama. Apongozi anawakhalira kumbuyo ndi mtima wonse. Mkondo ukamuphonya munthu uja ankamenya ndodo pansi. "Aaa, nawenso! Ukuponya ngati ukuthamangitsa mbuzi!" Koma filimuyo inatha iye atapambana, anthu akumuponyera maluwa, mpata wa m'mano uli poyera.

"Mufufuze ina imene amafamo," analamula apongozi podzuka.

Ndinafufuza sabata yonse, ngakhale kuntchito makasitomala akachepa. Bondo linali litaphwa ndipo ulendo wobwerera ku Chikweo unali pafupi, choncho ndinkachita changu. Ndinaipeza: nkhondo ya panyanja, iye ali woyendetsa sitima. Tinaonera atatu pabalaza, ine pansi pafupi ndi chitseko. Sitimayo inaphulitsidwa, anyamata analumphira m'maboti, iye anakana kutsika. Madzi anamufika m'chiuno, m'khosi, kenako panatsala chipewa chokha chikuyandama. Mkazi wanga anafwenthera. Ine ndinaba diso kuyang'ana apongozi.

Ankasenda nthochi.

"Ameneyo amatha kusambira," anatero. "Thirani tiyi."