Fisi amene Albina anabweza pakhomo

Albina wa ku Chidzolomondo anakwatiwa nkhondo ili m'kati. Mwamuna wake, Zeferino, anali mkamwini wolimbika pakhasu, wosayankhiza apongozi. Ukwati usanathe miyezi itatu, anthu a mfuti anamugwira kumunda kuti akawasenzere katundu. Atalefuka m'njira, anamusinja ndi thako la mfuti kumunsi kwa mchombo. Anabwerera kumudzi atatupa, akuyenda motang'adza.

Kutupa kunaphwa, koma mwana osabwera. Zaka zinayi, abale inu! Albina anamwa mizu yowawa yamtundu uliwonse, azimayi pachitsime namutcha chumba, ngati kuti iwowo ana awo anachita kuwaumba okha.

Atatopa nazo, awiriwo anayenda wapansi mpaka kuchipatala china ku Malawi. Dotolo anayeza umuna pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mbewu zinalimo zambiri ndithu, koma zitamatana timagulu, zikulephera kusambira.

"Mutavulala paja, magazi anakumana ndi mbewu," dotolo anauza Zeferino. "Asilikali a m'thupi, aja amatchinga matenda, anaziyesa mdani, ndipo mpaka lero akuzimanga. Mankhwala ake kuno tilibe."

"Ndiye mayiwa akhala akumwera mizu chabe?" anafunsa Zeferino, misozi ili lengelenge.

Kumudzi, a Fabião, atsibweni a Albina, anati njira ilipo: fisi, mwamuna wolowa m'nyumba mwachinsinsi kudzapereka mimba, mwana n'kukhala wa mwininyumba. Mwambo wake, mwininyumbayo amayamba wadzipezera ulendo.

Albina anakanitsitsa, nauza mwamuna wake kuti: "Ine ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi mudzi."

Zeferino ankawaona maso a mkazi wake akanyamula khanda la mnzake. Loweruka m'mawa anamanga thumba la mbatata panjinga, ati akagulitse ku Ntengo-Wambalame, ulendo umene masiku amenewo munthu wanzeru sankauyamba chifukwa cha nkhondo.

"Ndikathako masabata awiri," anatero. "Munthuyo akabwera, musadzamuchititse manyazi."

Fisi anabweradi. Albina anamubwezera pakhomo pomwepo, natseka chitseko. Masiku otsatirawo ankapalira fodya akuyeseza mawu odzamulandira nawo mwamuna wake: mwana asakhalepo, bola inu mulipo.

Patapita masiku asanu ndi anayi, mnzake wina wa mwamuna wake pa malonda anafika atanyamula chipewa cha Zeferino. Njinga inaponda mina, bomba lokwirira munsewu, ndipo maliro anaikidwa komweko.

Albina sanakwatiwenso, ndipo atsibweni akewo sanawapatsenso moni. Pochokera kumunda ankangokhala pakhonde, manja ali m'khosi. Kusowa mwana anakuzolowera. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti Zeferino anafa akuganiza kuti chitseko chija anachitsekula.