A Kamphinda, wojambula Finyanani

Abednego Kamphinda anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu, m'banja lolima fodya. Ali mwana ankajambula ndi khala pakhoma la khitchini, ndipo zikwapu za bambo ake sizinamuleketse.

Ku sekondale ya mishoni kunali mphunzitsi wochokera ku Philippines, Bulazala Renato. Tsiku lina mphunzitsiyo anamugwira Abednego akujambula ahedi ali ndi mimba ngati mtsuko. M'malo momupatsa chibalo, anamutengera ku ofesi n'kumuonetsa timabuku ta kwawo. Nkhani zake zinali zojambulidwa m'timabokosi, mawu a munthu aliyense atalembedwa pamwamba pa mutu wake.

"Kwathu alipo anthu amene amadyetsa ana awo ndi ntchito imeneyi," anatero Bulazala m'Chichewa chake chopindikapindika.

Abednego analephera mayeso a Folomu 4, koma kujambula anakugwiritsa. Zipani zambiri zitabwera, nyuzi zinaphuka ngati bowa, ndipo imodzi ya ku Lilongwe inayamba kusindikiza nthabwala zake Loweruka lililonse. Mwini nkhani anali kondakitala wa minibasi dzina lake Finyanani, wamakutu aakulu, amene sankavomera kuti galimoto yadzaza. Pa msika wa Mitundu anthu ankalimbirana tsamba limenelo. Osadziwa kuwerenga ankayamba kuseka ena asanawawerengere. Ndi m'zaka zimenezo pamene a Kamphinda anakwatira mayi Idesi, nabereka mwana mmodzi, Jacinta.

Kenaka nyuziyo inatseka. A Kamphinda anayenda m'maofesi a nyuzi zina atakwapatira zojambula zawo, koma kulikonse ankauzidwa kuti wojambula alipo kale. Anasamukira ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu, n'kuyamba kulemba zikwangwani. Anajambula mitu yometa pa ma saluni, nkhuku ndi mbuzi pa malo odyera, mavesi kumbuyo kwa maminibasi. Ngakhale mbuzi zawozo zinkaoneka ngati zili ndi nkhani yoti zinene.

Matenda a shuga anawapeza mochedwa, maso atayamba kale kuchita nkhungu. Iwo anabisa. Ankayandikira khoma mpaka mphuno kukhudza penti, n'kumanena kuti akufuna mzere uwongoke.

Chaka cha kolera, bungwe lina linafuna kabuku kojambula kophunzitsa anthu kusamba m'manja. Mkulu wa bungwelo, a Innocent Chadza, anakula akuwerenga Finyanani, ndipo anachita kufunsira njira mpaka kufika pakhomo pawo.

"Bambo, ntchito imeneyi ndi yanu. Sindikufuna wina," anatero.

A Kamphinda anavala jekete tsiku limenelo, pamene sankapita kulikonse. Kwa milungu ingapo anakhala pakhonde dzuwa likawala bwino, atawerama pa pepala. Atamaliza anaitana Jacinta, amene tsopano anali namwino, kuti aone.

Jacinta anatsegula masamba. Maso a anthu anali pamasaya. Manja sankafika pa beseni. Mizere ina inadutsa m'mabokosi n'kutulukira kunja kwa pepala.

"Zili bwanji, mwanawe?"

"Ababa..."

"Nena. Ine sindikuziona."

Aka kanali koyamba kuvomera. Mayi Idesi, amene ankasankha nyemba pambali, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba.

A Chadza atabwera kudzatenga ntchito, a Kamphinda sanawaonetse mapepala aja. Anangoti, "Pepani achimwene, pezani mnyamata wa kompyuta. Dzanja likufuna, koma maso anditaya." Mlendoyo anakhala kanthawi, namwa tiyi amene anamupatsa, n'kutsanzika.

Kuchokera pamenepo sanagwirenso pensulo. Ankakhala pa benchi pafupi ndi pamene mayi Idesi ankagulitsa tomato, akumvetsera oitanira akukuwa kuti Dedza, Dedza. Bala la paphazi litakana kupola, anawagoneka kuchipatala ku Lilongwe, kumene anawadula mwendo. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, ndipo anawaika kwawo ku Mitundu.

Mayi Idesi anabwerera ku Nathenje patapita mwezi. Anthu akawafunsa ngati asamukire kwa Jacinta, amayankha kuti aganiza kaye. Benchi lija sanalichotse. Pano amakhalapo odikira minibasi.