Mkulu wa Ngolo wa ku Simlemba

Mvula ikayamba, matola safikanso kumudzi kuno, ndipo aliyense amadalira ngolo ya mkulu wina wosalankhulalankhula. Amanyamula feteleza wa makuponi, odwala, ndi maliro omwe. Ukawauza kuti akalamba, amangoti, "Anyamata onse ali ku Joni, ndiye ndipumule bwanji?"

Chaka chatha adanyamula mpongozi wawo Esitere kupita naye kuchipatala, pakati patavuta. Pamtsinje adapeza mlatho utakokoloka. Adadikira kuti madzi aphwe, mpaka azimayi amene ankamuperekeza adayamba kulira maliro m'ngolomo.

"Titani, bambo?" adafunsa mmodzi.

"Afunditseni kumaso," adayankha mkuluyo.

Adatembenuza ng'ombe zija pang'onopang'ono. Sadazikwapule ngakhale kamodzi, chifukwa padalibenso chothamangira.