Chala cha Amuna Anga pa Dongo

Amuna anga ankapanga mbaula za makala, zija za chitsulo kunja ndi dongo lowotcha mkati. Ankamata ziwirizi ndi simenti yosakaniza ndi phulusa, n'kuzikweza pa njinga kukagulitsa ku Naisi. Yomaliza sanaigulitse, chifukwa chala chawo chachikulu chinadinda pamlomo pake dongo lisanaume. Anati, "Iyi ndi yanu, amayi. Aphunzitsi a ku Malosa aja sagula chopindika."

Lamulo lawo linali limodzi: osazimitsa makala ndi madzi ali m'mbaula. Ankati madzi amalowa pakati pa dongo ndi chitsulo, mawa lake moto n'kubwera, dzimbiri n'kumakula pomwe diso silifika. Ine ndinkakhuthulira makala pansi n'kuwakwirira ndi mchenga.

Atamwalira, amayi a m'mudzi ndi omwe ankaphika, monga zimakhalira pamaliro. Namfedwa sagwira poto, choncho ndinangokhala pamphasa m'nyumba. Tiyi wa anthu olira ankamuwiritsa pa mbaula ija. Chakumadzulo ndinamva kuti tsiii, kenako fungo la phulusa lonyowa. Anali alamu anga, achemwali awo a malemu, akupulumutsa makala kuti agwirenso ntchito mawa. Ndinafuna kudzuka. Koma munthu wasiya mpunga wake mbalame zikudya kuti adzakuphikire, ungamudzudzule bwanji, womwalirayo ali mlongo wake? Phokosolo ndinkalimva tsiku lililonse mpaka anthu atabalalika.

Poyamba mbaula inkaoneka yabwinobwino. Mvula itayamba, ndinkapeza fumbi lofiira pansi pake ndikamasesa. Kenako dongo linayamba kugwedera ngati dzino. Tsiku lina ndikuphika nyemba, linasweka n'kugwera mkati.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wokhoma zidebe ku Domasi. Atagogoda chitsulo, dzimbiri linayoyoka.

"Mayi, simenti yonse yalekana ndi chitsulo," anatero. "Ndiika dongo latsopano. Izi tayani."

"Pali chala cha amuna anga pamenepo," ndinayankha.

Bamboyo anafufuza m'zidutswa zija mpaka anapeza phale lodindidwa chala lija, n'kulipukuta ndi malaya, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Mbaulayo ndimaphikira mpaka lero, ndipo dongo latsopano ndi losalala pamlomo ponse. Phale lija lili pawindo. Ndikaika chala changa m'menemo, malo amatsala. Alamu akabwera amafunsa kuti ndikusungiranji chosweka. Ndimawauza kuti n'chotsekera windo mphepo ikamawomba.